Ukaona Mlambe Ukuchoka Pamalo Pake

Tadala mwana wanga,

Moni sindilemba, poti tadzuka nyumba imodzi ndipo ndakuona ndi maso angawa ukumaliza mbatata zitatu wekha. Uli bwino. Panopa uli ku Wimbe kotsanzikana ndi mayi ako aakulu, ine ndakhala m'chigafa muno, fodya amene ndimati ndisankhe lero wangoti mbwee pamphasa. Adikire. Kalatayi ndiika m'chikwama chako pansi pa nsinjiro. Usaitsegule m'basi ya ku Lilongwe. Uitsegule ukadutsa malire pa Chiponde, pamene sungathenso kubwerera kudzandiyang'ana kumaso.

Choyamba, ndikukunyadira. Werenga bwino, chifukwa sindikonda kubwereza, mutu wako umatupa msanga. Mtsikana wa kwa Chulu, kumene madzi akuya kwambiri ndi a pa chitsime cha kudambo, walembedwa ntchito pa boti la matanga la pa nyanja ya mchere. Sunapemphe munthu kuti akulankhulire. Unalemba wekha, mafunso awo pafoni unayankha wekha, pasipoti unakayendera wekha. Lamlungu potuluka m'tchalitchi, mayi Nyirenda anandifunsa kuti, "Mwana wamkazi mukumutumiza kumadzi, kodi amuna atha kuno?" Ndinawayankha kuti, "Alipo, mayi, koma wabwino munatenga ndinu, ndipo tonse timamuona pa bawo kuyambira m'mawa." Sakundipatsanso moni. Ndapuma.

Nyanja imeneyo ndikuidziwa. Unali ndi zaka zinayi pamene bwana wa esiteti imene ndinkaphikako anagulitsa minda yake n'kusamukira kugombe la kumpoto kwa Mozambiki, kukayendetsa alendo pa boti. Dona anati sangadye za wophika wina. Ndinakusiya kwa mayi ako aakulu n'kupita, ndipo ndinakhalako zaka zitatu. Pa botilo tinalipo anayi: bwana, amene ndiye anali kaputeni, dona, ine wophika, ndi a Mhone a ku Nkhata Bay, amene ankaona za matanga, injini ndi nangula. A Mhone omwewo amene lero ndi kaputeni, amene akukakulandira. Za iwowa ndibwerako. Ndiyambe ndi zosavuta kulemba.

Sabata yoyamba tinapita kumsika pa kaboti kakang'ono, poti boti lalikulu silifika pagombe, limaima patali. Titafika padoko a Mhone anandiponyera chingwe. "Manga, ine ndikafune dizilo." Ndinamanga monga timamangira mbuzi kuti isafike pa chimanga cha eni ake: chingwe chachifupi, mfundo yolimba. Ndinadziyamikira ndekha. Pobwera dzuwa litapendeka, madzi kunalibe. Anapita onse, kunangotsala matope. Kaboti kanali lende pamtengo, mphuno m'mwamba, nkhafi ndi chigubu zili m'matope, asodzi atakhala chete ngati ali pamaliro, mapewa okha akugwedezeka. A Mhone anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Wa ku fodya, mbuzi yako yadzikhweza." Tadala, madzi a kumeneko si a padambo. Amachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo malo ena amakwera kupitirira msinkhu wa munthu wamtali. Usanamange chilichonse, usanasiye chilichonse pamchenga, funsa kuti madzi akubwera kapena akupita. Funsa ngakhale akuseke. Safunsa anadya phula. Ine ndinadya matope pokatola nkhafi.

Tsiku lina bwana anati ndiphunzire kutsitsa nangula, poti manja anali ochepa. Ndinamasula buleki pa makina otsitsira nangula n'kulola tcheni chonse chigwe nthawi imodzi, ngati ndikukhuthula manyowa m'ngolo. Chinaunjikana pamwamba pa nangula n'kumukulunga, ndipo boti linangoyenda nazo ngati palibe chimene taponya. Tinakweza, tinamasula, tinayambiranso, alendo akujambula. Mvera tsono. Nangula sagwira chifukwa cholemera. Amagwira chifukwa tcheni chagona pansi n'kumamukoka chogona, kuti dzino lake lilowe mumchenga ngati khasu. Umutsitse mpaka akhudze pansi, kenaka uzimasula pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo, monga timayalira chingwe popanga mizere. Utali wa tcheni ukhale kasanu kuya kwa madzi, ndipo kuya kwakeko uwerengere kwa madzi atadzaza, osati amene ukuwaona nthawi imeneyo. Mphepo ikaoneka yamwano, onjezera. Tcheni chili m'bokosi sichinapulumutsepo munthu.

Uziyang'ananso mtundu wa madzi. Pamene akuwala mobiriwira pali mchenga, ndipo mchenga ndi mnzako. Pamene pada pali udzu kapena miyala. Nangula pa udzu ali ngati khasu pa mphasa, amangotsetsereka, pomwe pamiyala amagwira n'kukana kubwerera. Kaputeni akabweza injini m'mbuyo kuti ayese, ponda tcheni ndi phazi, pang'ono chabe. Chikamanjenjemera n'kumadumpha, nangula akukwekwereka. Chikauma gwa n'kukhala chete, wagwira. Ndati phazi, pamwamba, tcheni chitaima. Zala zako zisadzayandikire tcheni. Ndibwereza: zala zako zisadzayandikire tcheni. Uona posachedwa chifukwa chake ndikulemba kawiri.

Chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino ndikuuze, kuti usaganize kuti mayi ako anangopita kukaseketsa asodzi. Tcheni chinali chopakidwa penti pa mamita khumi aliwonse kuti tizidziwa chimene chatsika, koma mchenga unkadya pentiyo mwezi usanathe. Bwana ndi a Mhone ankangokangana, uyu makumi atatu, uyu makumi anayi. Ine ndinatenga chitenje changa chofiira, ndinang'amba tinsanza, n'kutisokera pa mfundo za tcheni ndi singano yaikulu, monga timasokera fodya. Pa khumi kansanza kamodzi, pa makumi awiri tiwiri, choncho mpaka kumapeto. Mkangano unatha. Ngakhale m'chisisira unkatiwerenga tikudutsa. Bwana anandigwira chanza. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti botilo ndi langanso.

Patapita masiku, mlendo wina anafunsa kuti nzeru ya tinsanza inachokera kwa ndani. Ine ndinali pomwepo, thireyi ya tiyi ili m'manja. A Mhone anati, "Ndi nzeru zathu za kunyanja izi. Uyu musamufunse za madzi, mufunseni mtengo wa feteleza." Alendo anaseka. Ngakhale dona anaseka. Ndinaika thireyi pansi bwinobwino, kapu ngakhale imodzi sinalire, ndipo ndinatseka pakamwa. Iwe ukudziwa mmene ndimatsekera pakamwa. Mayi ako aakulu ndinakhala osawalankhula miyezi isanu pa nkhani ya poto. Chakudya a Mhone ndinkawaikira, zovala zawo ndinkaanula, koma liwu ayi. Akati, "Rute, tiyi alipo?" ndinkaloza ndi chibwano. Akati, "Rute, kodi ndi za feteleza zija? Ndimangocheza," ndinkayang'ana nyanja. Boti ndi laling'ono kuposa chigafa chino, koma ndinakwanitsa masiku asanu ndi anayi. Ndinkadziona ngati ngwazi.

Ndisanafike pa tsiku lachisanu ndi chinayilo, phunzira ichi, chifukwa ndicho chachikulu pa zonse. Nangula akagwira, ntchito sinathe. Umasankha zinthu ziwiri kumtunda, china pafupi, china patali kumbuyo kwake, zoti zikhale pa mzere umodzi ukamaziyang'ana uli chammbali mwa boti. Ndi mmene timaimikira zikhomo pokonza munda wa fodya, kutsinzina diso limodzi mpaka chikhomo cha kutali chibisale kumbuyo kwa cha pafupi. Boti limavina pang'ono pa tcheni chake, choncho zinthu ziwirizo zimasiyana pang'ono n'kubwererana. Zimenezo si kanthu. Koma zikasiyana, n'kumangosiyanabe osabwererana, nangula wataya ndipo boti likuyenda. Usasankhe chinthu choyenda. Ine tsiku lina ndinasankha mlongoti wa ngalawa ya asodzi, ndipo eni ake atanyamuka ndinadzutsa boti lonse pachabe. Koma nditaphunzira, panalibe wondiposa. Maso amene anakulira pa mizere ya fodya saphonya mzere ukapindika. Bwana ankanena yekha. A Mhone nawonso ankadziwa.

Tsono tsikulo. Tinaima pa kachilumba kena, mchenga kutsogolo, miyala yakuthwa kumbuyo kwathu. Zizindikiro zanga zinali mlambe wa pagombe ndi khoma loyera la mzikiti kumbuyo kwake. Bwana anatenga alendo pa kaboti kupita kumudzi. Dona anagona m'chipinda chake, mutu ukuwapweteka. A Mhone anali pansi, m'chipinda cha injini, akukonza pampu. Ine ndinakhala pamwamba ndikusenda mbatatesi, ndipo bwana pochoka anati, "Rute, maso." Chakumasana mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kunyanja. Nditakweza mutu, mlambe unali utachoka pakhoma. Ndinadikira kuti ubwerere. Sunabwerere. Pakati pawo panaoneka thambo, kenaka mtengo wa kokonati umene sindinauonepo.

A Mhone anali pansi pa mapazi anga, Tadala. Chitseko cha injini chinali chotsegula, ndinkamva sipanala yawo ikugogoda, ndinkamva akuimba kanyimbo ka kwawo. Panangofunika liwu limodzi, dzina lawo. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, ndipo mumtima mwanga munabwera mawu akuti, ndiyambe ndine? Amve kuti wa ku fodya wagonja? Ndinadutsa chitsekocho. Ndinatsika masitepe a kutsogolo kukagogoda kwa dona, kuti dona ndiwo akawauze. Ndinagogoda mwaulemu, monga anandiphunzitsira. Dona anati, "Ndani?" Ndinati, "Ndine." Anati, "Dikira." Ndinadikira. Sindikudziwa kuti zinali mphindi zingati. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuziwerenga ndipo siziyankha chimodzimodzi.

Phokoso la boti likakhudza mwala silimveka m'makutu, limamveka m'mano. A Mhone anatuluka ngati aponyedwa, analiza injini, anafuulira dona kuti agwire chiwongolero, n'kuthamangira kutsogolo. Tcheni chinali chitakola pamwala ndipo makina okwezera anakana. Anagwada n'kuchigwira ndi manja kuti achimasule. Funde linakweza mphuno ya boti, tcheni chinakoka. Boti analipulumutsa. Linathyoka chiwongolero n'kukalika pansi, koma silinamire. Ukakawapatsa moni uyang'ane dzanja lawo lamanzere. Zala ziwiri palibe. Balalo ndinalimanga ndine, ndi chidutswa chotsala cha chitenje chofiira chija, ndipo ngakhale pamenepo sindinalankhule.

Bwana atafunsa kuti zinatheka bwanji, ine ndinati sindinaone kanthu, ndinali ndi mbatatesi. Anatembenukira kwa a Mhone, amene anali atagona pabenchi nkhope itachita phulusa. Iwo anati, "Pamwamba panali Rute, ndipo maso a Rute saphonya." Basi. Sanawonjezere. Sabata isanathe ndinali m'basi yobwerera kuno.

Zotsalazo ukuzidziwa, chifukwa ndinakulera nazo. Ndinauza mayi ako aakulu, ndinauza akumpingo, ndinauza iwe, kuti Mtonga wina wansanje anandinamizira n'kundichotsetsa ntchito. Ndinabwereza mpaka ndinayamba kukhulupirira ndekha. Nkhaniyo inandikomera. Inandithandiza kudzuka m'mawa kukathirira nazale, anthu akundinong'ona kuti wa kunyanja uja wabwerera ku khasu. Tadala, a Mhone sanandinamizire. Ndinaona. Amene ananama tsiku limenelo ndine.

Ndikanapita nazo kumanda, ndisakunamize. Koma Lachiwiri lapitali, tikusenda mtedza pakhonde, unandiuza kuti, "Amayi, musadandaule. A Mhonewo ntchito ndikawagwirira, koma sindidzawasekerera. Akandilankhula ndiziyankha ndi mutu. Adziwe kuti ndine mwana wa munthu amene anamulakwira." Unakweza chibwano ponena zimenezo. Chibwano changa. Ndinadzuka n'kunena kuti ndikukaona nkhuku, koma nkhuku zinali zitalowa kale. Ndinakaima kuseri kwa nkhokwe. Ndakupatsa maso anga, ndipo ndimanyadira. Sindinadziwe kuti ndakulongedzeranso ndi pakamwa panga.

Ukukumbukira uthenga umene a Mhone anakuyankha utawalembera n'kuwauza kuti ndiwe mwana wa Rute? "Ngati ali ndi maso a mayi ake, abwere." Iwe unati akutinyoza. Ine ndinangoti, "Ndi mmene alili." Sankanyoza. Munthu ameneyo akudziwa bwino zimene maso anga anaona ndi zimene pakamwa panga panakana, ndipo akudziwa tsiku lililonse akamamanga mabatani a malaya. Komabe wakutsegulira boti lake. Ine ndikanakhala iwo, dzina lako lokha likanandikwanira kuzimitsa foni.

Ndiye mvera, mwana wanga. Kuno kumtunda mkwiyo uli ndi malo. Ukhoza kudana ndi munthu n'kumazungulira njira ya kuchigayo zaka khumi, chimanga n'kumacha bwinobwino. Pa boti palibe njira yozungulira. Akulakwira ndithu, usakayike. Anthu a kunyanja ali ndi pakamwa pa mchere, adzakutcha wa ku fodya, adzaseka mfundo zako, wina adzatenga nzeru yako n'kuiveka dzina lake. Usakhale chete ngati nkhosa, si mwana wanga ameneyo. Yankha pomwepo, ndi mawu, akumva onse. Ukadapanda kubadwa kwa ine ndikanakuphunzitsa mayankhidwe, koma uli nawo okwanira mudzi wonse. Yankha, zithe, mukadye. Chimene ndikukuletsa ndi kutseka pakamwa n'kumasunga. Ndipo ukaona mlambe ukuchoka pamalo pake, fuula. Usayambe wafufuza kuti pafupi pali ndani, kaya munalankhulana m'mawa, kaya ndi nthawi yake yopepesa. Usagogode mwaulemu pa chitseko cha munthu. Fuula dzina la amene ali pafupi, ngakhale akhale mdani wako, ngakhale pambuyo pake zipezeke kuti unalakwitsa n'kukuseka sabata yonse. Kusekedwa ndinasekedwapo, sikudula chala.

Zina ndi zazing'ono, ndingozitchula. Masiku oyamba udzasanza, usachite manyazi, ungoona kumene mphepo ikupita usanayambe. Yang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo usakhale m'khitchini nthawi yaitali. Chitenje uvale kumtunda, pa boti chimakola. Tsitsi umange. Dzanja limodzi la ntchito, lina logwirira, nthawi zonse, ngakhale nyanja itagona ngati mkaka. Poto pamoto uzimupanikiza ndi zitsulo zomugwirira kuti asagwe, ndipo usadzaze madzi owira mpaka pakamwa. Chipsera cha pa mkono wangachi si cha ku chigafa monga ndinakuuzira, ndi cha supu. Madzi akumwa usamachapire. Kusambira unaphunzira padamu la esiteti, kumene kulibe mafunde, choncho jekete yoyandamitsa uzivala akakuuza, usachite ukatswiri. Za amuna a m'madoko sindilemba zambiri. Amalankhula zinenero zinayi ndipo m'zinayi zonsezo amanena chinthu chimodzi. Bambo ako ankalankhula chimodzi chokha ndipo chinandikwanira.

Uziimba foni kwa mayi ako aakulu, osati kwa ine ndekha. Zaka zitatu zija anakusambitsa ndiwo. Ndikawauza ndekha zimene ndalemba muno, usandiyambirire. Mwina Lamlungu. Mwina Lamlungu linalo.

M'kathumba ka pambali ndaikamo tinsanza tofiira ndi singano yaikulu. Chitenje chake ndi chatsopano, ndinagula paboma dzana, ndipo wogulitsa anatsala pang'ono kulira poona ndikuching'amba pomwepo. Ukakafika uyang'ane tcheni chawo. Ngati akudalirabe penti, usokere, ndipo wina akafunsa kuti nzeruyi ndi ya ndani, unene mokweza kuti ndi ya kwa Chulu.

Ukandikwiyira powerenga izi, kwiya. Uli ndi chifukwa, ndinakudyetsa bodza zaka khumi ndi ziwiri. Koma undiimbire n'kundilalatira, usandikhalire chete. Ndikudziwa utali wa chete wa m'banja mwathu.

Tsono ntchito yomaliza. Ukawaona a Mhone, uwapatse moni ndi manja awiri. Usadikire tsiku labwino, usadikire kuti mukhale awiri. Uwauze kuti, "Amayi akuti mlambe anauona ukuchoka. Akuti anamva sipanala yanu ndipo anadutsa. Akuti pepani." Unene choncho, usakometsere ndipo usachepetse. Zimene akayankhe undiuze monga momwe anenere, ngakhale zikhale zowawa.

Za feteleza zija usawauze kuti ndakhululuka, chifukwa sindinakhululuke. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo akadali ndi mlandu. Koma uwauze kuti akafuna kupepesa, nambala yanga uli nayo, ndipo ndiyankha ndi pakamwa.

Pita bwino, Tadala. Ndinati sindibwereza, koma pepala latsala: ndikukunyadira.

Ndine mayi ako,
Rute